Mayi Amene Anaimbira Wamoyo Nyimbo ya Maliro

Kwathu ku Nsaru anthu amati mayi Selina Gama ndi ouma mtima, poti anaimbira amuna awo nyimbo ya maliro akali moyo. Nkhaniyi yanditopetsa, ndipo wofuna mtsutso andipeze.

Mayiwa ndi mlimi wamba, ndiponso ndiwo amayambitsa nyimbo pakati pa amayi a Chigwirizano mumpingo mwathu. Amuna awo, bambo Gerald, anagwa pa lole ya fodya n'kumenyetsa mutu pamsewu. Kuchipatala cha mumzinda dokotala anawaitana, anawatsina, anawaunika m'maso, koma iwo osaphethira. Dokotalayo ananena mosabisa kuti mwa anthu ovulala chotere ochira ndi ochepa, komanso kuti makina onse othandiza kupuma anali ndi odwala ena. Chotsala chinali thumba la mphira lolumikizidwa ku paipi yolowa kukhosi, loti munthu azilifinya ndi manja kufikira makina atapezeka.

"Mayi, pang'onopang'ono," anatero namwino popereka thumbalo kwa mayi Selina. "Mukafulumira muwapweteka, mukaleka apita."

Koma manja a munthu wamantha amathamanga. Mayi Selina anayesa kutsata nyimbo zachitamando, zonse zinali zofulumira. Imene inagwirizana ndi mpweya wa munthu inali imodzi yokha, ija timaimba mokoka popita kumanda. Anayamba kuing'ung'udza, akufinya thumba pamathero a mzere uliwonse.

Apa m'pamene analowa a Febe, mlongo wawo wa bambo Gerald.

"Alamu, mwayamba kale? Bwanji osangokumbiratu ndi manda omwe?"

"Khalani pansi, alamu, mundilandire, zala zauma. Muziimba yomweyi."

"Ine ndiimbe imeneyo achimwene ali moyo?"

"Ndiye imbani yaukwati, muwaphulitse mapapo."

A Febe thumba sanalikhudze. Anakwera minibasi n'kukafalitsa kumudzi zimene makutu awo anamva, kusiya zimene maso awo anaona. Akuluakulu ena, amene sanapondeko m'chipinda chija, mpaka lero amapukusa mitu mayiwa akamadutsa. Ndinawafunsa kuti iwo akanaimba iti, anandiyankha kuti sukulu yandiwononga. Limenelo si yankho.

Mayi Selina anafinya thumba lija, mosinthana ndi namwino yekha, mpaka makina ena atapezeka. Dokotala sananame, ochira ndi ochepadi, ndipo sindikunena kuti nyimbo imachiritsa ubongo. Ndikungonena kuti munthu sangadikire makina asakupuma.

Loweruka lapitali ndinapita kukawaona bambo Gerald. Mwendo wamanja amachita kukoka, mawu amatuluka movutikira, koma ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza, akupuma okha.