Penti Inawadyera Kompuresa pa Boda

Inu amene mwatopa ndi kugogoda pa zitseko zosatseguka, imvani za munthu wina wopenta magalimoto, amene anzake ankangomutcha kuti a Penti.

Tsiku limene katundu wawo ankagulitsidwa pa okishoni, a Penti anaima kumbuyo kwa gulu, manja ali m'matumba opanda kanthu. Pabwalo la a kasitomu pa boda panali firiji ya akazi awo, mabedi achitsulo, makina owotcherera, ndi kompuresa yofiira, ija imapopa mpweya popenta. Wogulitsa anaimenya ndi chikhatho n'kunena kuti, "Iyi ndi yatsopano, onani nokha." A Penti ankadziwa kuti kompuresayo inali yakale kuposa mwana wawo woyamba, koma panalibe wowafunsa. Inapita pamtengo wozizira, iwo akuonerera.

Munthuyu anakhala zaka zambiri m'dziko loyandikana ndi lakwawo. Anali ndi kagalaja kakekake, ndipo galimoto ikatuluka m'manja mwake mwiniwake ankaizungulira kawiri asanaikhulupirire. Kenako chilolezo chogwirira ntchito chinatha, ndipo anakana kumuwonjezera. Anauzidwa kuti alongedze.

Mnzake wina anamuuza kuti asadere nkhawa, munthu wobwerera kwawo salipira msonkho pa katundu wam'nyumba ndi zipangizo zantchito, bola zikhale zakale, zogwiritsidwa kale ntchito. Zinali zoona. Koma a Penti anali ndi matenda awo: sankatha kuona dzimbiri n'kulisiya. Pamwamba pa matendawo panali manyazi. Kwawo ankadziwika kuti ali kunja ndipo zikuwayendera.

"Ndikatsitse zitsulo zadzimbiri alamu anga akuona?" anatero.

"Bambo a ana, tiyeni tizingopita," anayankha akazi awo. "Pentiyo mukapaka tikafika."

Sanamve. Anapala chilichonse ndi sanipepa, natseka timabowo, napopera penti mwaluso lawo lonse. Ngakhale kachitsulo kaja kolembedwa nambala ndi chaka cha makina anakakwirira, poti kankawononga maonekedwe. Atatha anakulunga zonse m'mapulasitiki kuti zisakandike panjira. Kunena zoona, inali ntchito yokongola kwambiri imene anagwirapo pamoyo wawo.

Pa boda, wa kasitomu anang'amba pulasitiki, nayang'ana, n'kufunsa malisiti. Malisiti panalibe. Makinawo anawagula kalekale kwa bwana wawo wakale, pamanja, mongogwirana chanza.

"Bwana, ndi zakale izi. Ndapenta ndine."

"Ndiye kuti ndinu katswiri, bambo. Koma chimene ndikuona ine ndi katundu watsopano wokagulitsa."

"Ndipatseni thina wochotsera penti ndi kansalu, ndikuonetseni dzimbiri pompano."

"Katundu akalowa m'manja mwathu sakhudzidwa. Ngati simukugwirizana nazo, lembani dandaulo."

Wa kasitomuyo sanali munthu woipa, ankangokhulupirira maso ake. Msonkho umene anautchula unaposa kutali ndalama zimene a Penti anali nazo m'thumba. Anasiya katundu pamenepo, naperekeza akazi awo ndi ana kwa mlamu wawo, mchimwene wa akazi awowo, ndi zikwama za zovala zokha. Ankaganiza kuti ndi nkhani ya masiku ochepa, popeza ndalama zawo zinali ku banki ya kutsidya.

Atabwerera kukazitenga, anapeza akaunti yatsekedwa. A banki anati chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo chinatha, choncho ndalama sizingatuluke mpaka abweretse kalata ya ku ofesi ya msonkho yosonyeza kuti alibe ngongole. Ku ofesi ya msonkho anawauza kuti galaja yawo ikadali yamoyo m'mabuku. A Penti anatsanzika makasitomala, anatsanzika mwini nyumba, anatsanzika ngakhale mlonda wa pageti, koma ofesi ya msonkho sanaitsanzike. Choncho ofesiyo inkangowerengerabe msonkho wa galaja imene kunalibe, n'kuikapo chindapusa pamwamba.

Mutu unaima. Kuti awombole katundu pankafunika ndalama za ku banki, kuti atenge za ku banki pankafunika kulipira msonkho, ndipo cholipirira chinali katundu yemweyo. Uku ndalama yosungira katundu pa boda inkakwera tsiku lililonse. Dandaulo lawo lisanayankhidwe n'komwe, nthawi yosungira inatha, ndipo ndi m'mene tinawapezera aja, ataima kumbuyo kwa gulu.

Kwa mlamu wawo zinthu zinali zitayamba kale kununkha. Banja lonse linkagona m'kachipinda kosungiramo matayala akale. Tsiku lina mlamuyo anaitanira a Penti kuseri.

"Alamu, mlongo wanga ndi ana ndi magazi anga, akhale. Koma inu ndinu bambo, dzionereni."

A Penti anafufuza amene anagula kompuresa ija, napeza kuti ndi mwini galaja ina kunja kwa tauni. Anapita kukapempha ntchito.

"Makina awa mumawadziwa?" anafunsa mwini galajayo.

"Ndimawadziwa, bwana."

Anangogwada, nakhwefula kabawuti kapansi kuti madzi atuluke m'thanki, n'kuiliza. Anawalemba ntchito tsiku lomwelo, pamalipiro a munthu wophunzira kumene.

Apa ndi pamene a Penti anafooka zenizeni. M'mawa uliwonse ankapukuta kompuresa yawoyawo kuti ipangire munthu wina ndalama. Ankagona m'minibasi yakufa kuseri kwa galaja, pampando wotuluka masipuling'i. Kwa mlamu anasiya kupitako, chifukwa kufika chimanjamanja kunkawawawa kuposa njala. Nkhani ya msonkho ija anaisiya. Akaikumbukira, ankangodziuza kuti ndalamazo zinalowa m'madzi. Munthu amene ankadana ndi kadontho kadothi pa ovolosi anayamba kukhala ndi ndevu zosameta. Anali wachisoni, ndipo chisonicho chinkawachititsanso manyazi.

Loweruka lina masana akazi awo anatulukira pagalajapo. Anayang'ana minibasi ija, nayang'ana bulangete lopachikidwa pawindo, n'kukhala pa tayala.

"Mwana wamkulu wasiya sukulu," anatero. "Wamng'ono akumafunsa ngati munabwerera kutsidya."

Kenako mayiwo anapitiriza.

"Firiji inapita, ndinalira, ndinavomera. Za penti sindinakunenenipo ngakhale kamodzi, ndipo sindidzanena. Koma inuyo sanakugulitseni pa okishoni paja. Ana akufuna bambo awo."

Musaganize kuti mawu amenewa anasintha zinthu tsiku lomwelo. Anangowachititsa kumeta ndevu. Koma malipiro otsatira atatuluka, a Penti anakwera basi kuoloka boda ngati mlendo wamba, nakaima pamzere ku ofesi ya msonkho.

Anawabweza. Anati abweretse umboni woti galaja inatsekedwa. Anakasaka mwini nyumba wakale uja kuti awalembere kalata. Atabwera nayo, anati wosainira ali patchuthi. Ulendo wina anati fayilo sikuoneka. Ulendo uliwonse unkadya malipiro amene akanagulira ana nsapato, ndipo anzawo a pagalaja ankawaseka kuti akudyetsa madalaivala a mabasi. Panali ulendo wina umene anatuluka mu ofesimo, nakhala pamasitepe, n'kulira ngati mwana, anthu akuwalambalala. Atatha kulira anapukuta nkhope, nabwerera kukafunsa tsiku loti adzabwerenso.

Pomaliza fayilo inafika kwa mayi wina wa mu ofesimo amene anaiwerenga mpaka kumapeto. Anayerekeza chidindo cha mu pasipoti ndi kalata ya mwini nyumba, nachotsa msonkho wa miyezi imene galaja kunalibe. Msonkho weniweni wotsalira ndi gawo la chindapusa anati zidulidwe ku akaunti konko.

"Mukanabwera musanasamuke, bambo, inali nkhani ya m'mawa umodzi," anatero mayiwo.

Ndalama zotsalazo zinaonda panjira. Banki inadulapo zake, kusintha ndalama kunadulaponso, ndipo zitafika kwawo a msonkho akonko anafuna kudziwa kumene zachokera. Ulendo uno a Penti anali ndi mapepala m'manja, ndipo sanalipire kawiri. Zimene zinatsala pa thukuta la zaka zonse zija zinangokwanira kakompuresa kakang'ono kogwiritsidwa kale ntchito, ndi lendi ya chipinda chimodzi chokhala ndi khonde.

Sindikunamizani kuti analemera. Mpaka pano amapenta mageti, matanki a njinga zamoto ndi zitseko za mafiriji pakhondepo, ndipo galimoto imabwera mwa apo ndi apo. Mwana wamkulu anabwerera kusukulu ali m'mbuyo mwa anzake. Zimene zinatayika pa boda sizinabwerere.

Koma tsiku lina madzulo a Penti anapita kwa mlamu wawo ndi wilibala yobwereka, nathokoza mwaulemu, n'kunyamula zikwama za banja lawo. M'chipinda chatsopanocho munali mphasa, ndowa ndi mbale zochepa. Akazi awo akuyala, mwana wamng'ono uja anaima pakhomo, akuwayang'ana bambo ake ngati mlendo amene anyamuke posachedwa.

"Ababa, mupita nthawi yanji?"

"Sindipita."

"Mugona momuno?"

"Ndigona momuno. Mawanso. Ndi mkujanso."

Mwanayo anaganiza pang'ono, kenako anakoka mphasa yake n'kuisendeza kuti pakhale malo.

Inu amene mukulongedza kuti muoloke malire, musanatsanzike anansi, katsanzikeni kaye a msonkho ndi a banki, ndipo katundu wanu wakale mumusiye aoneke ukalamba wake. Ndipo inu amene munalakwitsa kale, amene mwakhala pamasitepe a ofesi ina misozi ili m'maso, lirani ndithu, palibe cholakwika. Mukatha, pukutani nkhope mubwerere pamzere. Kuli wina kunyumba amene akudikira kukusenderani malo. Musataye mtima.