Mawu Amene Anatsala mu Situdiyo

Akazi anga ankayimba ndi mawu apansi, aja osamveka msanga, koma oti akasowa nyimbo yonse imapepuka. Ankayimba ndi mlongo wawo wamng'ono, mlamu wanga, amene ankatsogolera ndi gitala. Anayambira m'kwaya ya kumpingo kwathu ku Sadzi, kenaka anthu anayamba kuwaitana awiriwo kumaukwati ndi kumaliro. Ine sindiyimba. Ntchito yanga inali kunyamula thumba la gitala ndi kukhala kumbuyo.

Chaka china mlamu anati nthawi yakwana yojambula chimbale. Anapeza situdiyo kuseri kwa msika wa Zomba, kachipinda kokhomedwa makatoni a mazira m'makoma kuti phokoso la kunja lisalowe. Loweruka lililonse, kwa miyezi itatu, tinkapita kumeneko. Akazi anga ankavala zomvera m'makutu pamwamba pa duku n'kumadziseka okha.

"Iwe, walowa msanga pamenepo," ankamuuza mlongo wawoyo.

"Achemwali, mwachedwa ndinu. Mumayimba ngati mukudikira minibasi kuti idzaze."

"Nyamuka wekha, tione ngati ukafike."

Anajambula nyimbo zisanu ndi zitatu. Tsiku lomaliza, mwini situdiyo anauza mlamu kuti abwere ndi fulashi adzatenge zonse, azisunge yekha, chifukwa kompyuta si nkhokwe. Ndinamva ndi makutu anga. Mlamu anayankha kuti, "Mawa."

Mawa lakelo anakwera basi ya ku Blantyre kukaonana ndi anthu amene anati amadziwa za oyimba. Anabwerako atasintha mayendedwe. Anthu aja anali atamuuza kuti mayi wa duku sagulitsa chimbale, ndipo kuti nyimbo zake azijambulenso konko, ndi makina komanso atsikana awiri oyankhira. Mawu a akazi anga sanawamve n'komwe. Anangomva zaka zawo.

Kanema wa nyimbo yoyamba anakajambulira pa phiri, pafupi ndi damu la Mulunguzi. Akazi anga anati tipite, poti mlamuyo ndi mwana wa mayi awo. Kunali nkhungu ndi chisanu cholowa m'mafupa. Atsikana aja ankavina pakati pa mitengo ya paini atavala madiresi opepuka, ndipo akazi anga ndiwo anawasungira majekete, ataima kumbuyo kwa kamera. Anthu otsika ndi nkhuni panjinga ankaima n'kumaonerera. Mmodzi anawazindikira akazi anga.

"Mayi, si inu munayimba pa maliro a bambo anga? Bwanji lero mwangoima?"

"Lero ndi tsiku la ana," anatero.

Tinatsika phiri. Ine sindinamudzudzule mlamu, ndipo ichi ndimadziimba nacho mlandu. Ndinkati kukhala chete ndiko kusunga mtendere pa chibale.

Nyimbo ija inamveka pa wailesi masabata angapo, kenaka zii. Inali yofanana ndi za wina aliyense. Anthu akabwera kudzamupempha kuti akayimbe pa ukwati, mlamu ankati tsopano sayimba popanda nsanja ndi zokuzira mawu. Pamene anayamba kuwafuna, iwo anali atapeza ena.

Akazi anga anadwala nyengo ya mvula imodzi, ndipo Ambuye anawatenga. Zinthu zambiri ndinazipirira. Koma patatha chaka ndinazindikira kuti mawu awo ayamba kundithawa. Nkhope ndinali nayo pa zithunzi. Mawu ndikati ndiwakumbuke, ndinkangomva a amayi ena a m'kwaya. Mu foni yanga munalibe kanthu, poti sindine munthu wojambulajambula. Pamenepo ndinakumbukira nyimbo zisanu ndi zitatu zija.

Mlamu ndinakamupeza ku Songani masana, akuyimba potsegulira sitolo ya zipangizo zomangira. Gitala analibe. Ankangoyimba pamwamba pa nyimbo yochokera m'makina, anthu akudutsa ndi matumba a chimanga osacheuka. Atapuma ndinamuitanira pambali.

"Alamu, nyimbo zija munajambula ndi achemwali anu, muli nazo?"

"Zilipo, alamu, musadandaule. Zili ku situdiyo."

"Simunakatenge?"

"Aaa, zinthu zinachuluka. Koma kompyuta siiwala."

Ndinapita ndekha kuseri kwa msika, nditagula fulashi yatsopano. Mwini situdiyo anandizindikira, nandipatsa mpando, napepesa za maliro. Nditanena chimene ndabwerera, anavula magalasi n'kuyang'ana pansi.

"Bambo, ndinawaimbira foni alamu anuwo kangati? Ankangoti mawa. Kompyuta ija inapsa magetsi atabwera mwamphamvu chaka chatha. Amene anatenga zawo ali nazo. Amene sanatenge..." Anatambasula manja.

Ndinafunsa ngati pali katswiri amene angatsegule n'kupulumutsamo kanthu. Anati anayesa, anatumiza mpaka ku Lilongwe, osaphula kanthu. Kenaka anawonjeza kuti, "Mayi aja anali ndi mawu. Ndikanadziwa, ndikanasunga padera." Ndinamuthokoza. Mlandu sunali wake.

Lamulungu lotsatira mlamu anabwera kunyumba. Ndinamuuza zonse bwinobwino, osakweza mawu. Anagwira mutu kanthawi, ndipo ndinaganiza kuti alira. Koma anadzutsa nkhope ili yowala.

"Alamu, ndapeza nzeru. Tijambule chimbale chowakumbukira. Ndikudziwa mtsikana wina ku koleji, mawu ake ndi achemwali enieni. Chithunzi chawo tiika pachikuto. Anthu amakonda zoterozo."

"Chithunzi cha mayi wa duku?" ndinafunsa.

Ndinamuuza kuti chithunzi sindipereka, ndipo ndinamuperekeza mpaka pamsewu monga mwa ulemu wake.

Ndine mkulu wa mpingo. Ndakhala ndikuyanjanitsa mabanja pa milandu yoposa uwu, ndipo ndikudziwa kuti mlamu sanabe kanthu, sanaphe munthu. Anangothamangira anthu osamudziwa n'kusiya omudziwa, nazengereza kuyenda mtunda woti mwendo sungatope. Akadwala ndimakamuona. Pa zovuta timakhala mphasa imodzi. Koma m'tchalitchi tikamanena pemphero la Ambuye n'kufika pa mawu a kukhululukirana, pakamwa panga pamatsekeka, ndipo ndimadikira mpingo udutse pamenepo ndisanalowenso. Abusa sanazindikirebe. Mulungu akudziwa, ndipo ndamupempha kuti andipatse nthawi.