Anapiye pa Bokosi la Alamu Anga

Ndinadzuka kusanache, mzikiti wa kuseri kwa nyumba yathu ku Hor Al Anz, mumzinda wa m'chipululu umene timagwiramo ntchito, usanaitane anthu kokapemphera. Amuna anga, a Rodel, ndinawapeza pabalaza, foni ataitsamiritsa kubotolo la madzi. Sanagone. Kwawo ku Philippines dzuwa limatuluka ife tikadali m'tulo, ndiye maliro a achimwene awo aakulu tinkayenera kuwaperekeza ndi maso okha, pafoni.

Alamu angawo anali khansala m'katauni ka m'mbali mwa mtsinje. Ankakana zoti malole a anthu a meya azikumba mchenga mumtsinjemo, chifukwa gombe linkagumuka ndipo minda ya mpunga inkapita ndi madzi. Tsiku lina akuchokera kumsika, amuna awiri a pa njinga yamoto anawaombera. Apolisi anati akufufuza. Tauni yonse inkadziwa, koma palibe ankatchula dzina.

Apongozi anga, amene tonse timawaitana kuti Nanay, analetsa a Rodel kubwera kumaliro. "Bokosi limodzi landikwanira," anatero. Komabe chikwama cha a Rodel chinali cholongedzalongedza pafupi ndi chitseko. Ine ndine namwino, ndipo sindinachoke ku Zomba kuti ndidzakhale namfedwa m'chipululu muno ndi mwana wamng'ono kumsana. Pasipoti yawo ndinaikwirira pansi pa mpunga m'ndowa ya kukhitchini. Ankadziwa kuti wabisa ndine. Sabata yonseyo tinkangolankhulana za madzi akumwa ndi za mwana.

Kumaliroko foni inali m'manja mwa mchemwali wawo, ndipo ankatizungulitsa pabwalo. Amuna amene anachezera usiku wonse akusewera makhadi, monga amachitira kumeneko, anali kuwodzera pamipando ya pulasitiki. Kuseri kwa nyumba amayi ankasonkheza moto pansi pa miphika ikuluikulu, utsi ukukanika kukwera chifukwa cha mvula yamawawa. Bwalo lonse linali pansi pa tenti yochokera ku ofesi ya tauni. Amabwereka aliyense amene waferedwa, ndipo mbali zonse kuli dzina la meya ndi nkhope yake ikumwetulira. Mipando nayo inali ndi dzina lake kumsana. Kwathu munthu amene akumukayikira amafika pamaliro n'kukhala kumbuyo mwakachetechete. Uyu anabwera ndi denga lomwe.

Pagalasi la bokosi panali anapiye awiri akujompha timpunga. Tsiku loyamba ndinafunsa kuti nkhuku zikutani pamaliro. A Rodel anati munthu akachita kuphedwa, amaika anapiye pabokosi kuti kujompha kwawo kuzibaya mtima wa wakuphayo mpaka aulule. Ndinaona ngati zachibwana. Koma patapita masiku ndikumva kulira kwawo pafoni, inenso ndinayamba kuwadalira.

Kuno kunacha kuli fumbi, thambo lotuwa ngati phulusa, mabasi a antchito ochokera kumakomboni a ku Sonapur akudutsa pamsewu. Anthu a kwawo kwa a Rodel amene amagwira ntchito mumzinda muno anayamba kufika, ena ndi mayunifolomu awo, atanyamula miphika ya chakudya chakwawo cha manudozi. Anzanga awiri a ku Malawi, amene amalera ana m'nyumba za anthu, anachita kuchonderera mabwana awo. Anatulutsa zitenje m'zikwama, anamanga pakhomo pomwepo, n'kukhala pansi motsamira khoma monga timachitira pasiwa. Tinaimba chapansipansi chifukwa mwini nyumba safuna phokoso.

Panali bambo wina wa kapu yoyera amene anati naye ndi wa m'tauni yomweyo. Chakudya anakana. Mnzanga wina anandikodola.

"Asisi, bambo uyo maliro sakuonera ayi. Akujambula ife. Mumamudziwa?"

Sindinkamudziwa. Ndinaonanso kuti anzake a a Rodel, amene ankalankhula mokweza za mchenga ndi za apolisi, anali atangoti zii, aliyense maso pambale yake.

Kenako pafoni panaoneka galimoto yoyera. Meya anatsika ndi amuna ake, ndipo anthu onse anaimirira, ngakhale nkhalamba za ndodo. Anaima pabokosi nthawi yaitali. Sankayang'ana nkhope ya malemu, ankayang'ana anapiye. Mmodzi wa amuna ake anawerama n'kunong'oneza Nanay. Ndinaona apongozi anga akutenga anapiyewo ndi manja awo, kuwaika m'dengu, kupukuta galasi ndi mpango, kenako kuthokoza meya chifukwa cha tenti. A Rodel anabuula kubuula kumene sindinakumvepo chikwatirane. Ine mtima unandiwawa ndi ukali, koma ndikanakhala mayi wa mwana wamwamuna mmodzi wotsalayo, nanenso ndikanathokoza.

Meya anatambasula dzanja, ndipo mlamu wanga wamkazi uja anapereka foni. Nkhope ija inadzaza galasi lonse la foni, yomwetulira ngati ya patenti. Analankhula m'Chingerezi, ndikuganiza kuti ankafuna ndimve nanenso.

"Rodel, mwana wathu, sunabwere? Usade nkhawa. Mayi ako tiziwayang'anira usana ndi usiku. Upereke moni kwa mkazi wako namwinoyo, ndi kamtsikana kanu."

Sitinauzepo munthu wa ku ofesi ya tauni za ntchito yanga kapena za mwana. Nditacheuka, bambo wa kapu uja panalibe, ndipo nsapato zake pakhomo zinali zitachoka.

Ulendo wa kumanda unayamba mvula itakula. Galimoto ya bokosi inkayenda pang'onopang'ono, anthu akuitsatira wapansi ndi maambulera. Anadutsa pa ofesi ya tauni, pomwe antchito anaima pakhonde mitu ili pansi. Anawoloka mlatho. Pansi pake malole anali kupakira mchenga, ndipo sanazimitse ngakhale injini. Manda a kumeneko sakumba. Ndi timanyumba ta simenti tosanjikizana, ndipo bokosi amalilowetsa ngati dilowa ya kabati. Mmisiri atangoika njerwa yoyamba, foni inaduka. Tinakhala tikuyang'ana galasi lakuda mpaka wina anayambitsa pemphero.

Madzulo alendo onse anali atapita. Ndinatsuka mbale, ndinagoneka mwana. M'nyumba munkangomveka makina oziziritsa mpweya. Nanay anaimba foni ali okha kukhitchini, poti mlamu wanga anali atabwerera kubanja lake kutauni ina. Ananena mokweza kuti zonse zayenda bwino, meya watithandiza kwambiri. Kenako anatembenuzira foni kuzenera. Mipando inali itatengedwa, koma tenti sanaichotse. Pansi pake panakhala amuna awiri akusuta fodya, njinga yamoto ili pambali pawo. Penapake pansi pa tebulo, anapiye ankalira.

Foni itaduka, a Rodel sanakalipe, sanandichondererenso. Anangotambasula dzanja.

Ndinapita kukhitchini, ndinapisa mkono mumpunga mpaka m'chigongono. Pasipoti ija ndinaipukuta ndi chitenje changa, ndinaipereka. Anaiika m'thumba la malaya, ndipo tinakhala pampando umodzi mumdima, tikumvetsera mwana wathu akupuma.