Hopusi amene ndinayanika padzuwa

Ndinafulula mowa zaka zambiri ku Utale, ndipo msana wangawu ukuikumbukira mbiya iliyonse imene ndinasenza. Amuna anga atamwalira, abulazala a pamishoni, mzungu wokalamba woyang'anira ng'ombe ndi dimba, ananditenga kuti ndiziwafululira. Masese athu sankawafuna. Ankafuna wakwawo, wosefa, wooneka ngati tiyi, koma pankasowa chinthu chimodzi, timaluwa touma timene ankatitcha hopusi. Nthawi yonse ya nkhondo sitima sizinkabweretsa. Tinkangoyesa ndi chimera cha mapira, mowawo n'kusasa tsiku lachitatu ndi kutentha kwa kwathuku. Iwo ankalawa, kupukusa mutu, n'kukathirira nkhumba. Zinkandiwawa, poti anali manja anga, ndipo kumudzi palibe anatayapo mowa wanga.

Anali atatha kale thupi, miyendo yotupa, chifuwa chosatha. Tsiku lina anandiuza m'Chinyanja chawo chopotoka chija, "Amayi, ndisanafe ndimweko kamodzi wa kwathu."

Nkhondo itatha, thumba linafika pa siteshoni ya Balaka mwezi wa Okutobala, n'kubwera pangolo. Eni ake anali kuchipatala ku Zomba ndi miyendo ija. Thumbalo linali losokedwa zolimba, mkati muli pepala lochindikala. Palibe anandituma kulitsegula. Ndinatsegula ndekha, chifukwa ndine munthu wosatha kuona katundu ali chikhalire.

Timaluwato tinali tobiriwira, tosanjikizana ngati mamba a nsomba. Nditafikisa m'manja, munatsala ufa wachikasu womata. Ndinati basi, zanyowa m'njira, zichita nkhungu abulazala asanabwere. Kwathu chonyowa timayanika, kaya mfutso, bowa, makaka, kaya matemba a ku Chiuta. Ndinayala mphasa zinayi pabwalo, ndi kumwaza thumba lonse.

Fungo lake! Tsiku loyamba linali ngati ndimu wongothyola, linafika mpaka kuchitsime, amayi otunga madzi n'kumafunsa kuti asisitere akuphika chiyani. Lachiwiri linasanduka ngati utomoni. Ine ndinkatembenuza ndi manja, kuthamangitsa nkhuku, ndipo tulo tinkandigwira masanasana pansi pa mtengo wa mango, mutu utalemera. Lachitatu fungo linachepa, timaluwa tinafiira, tili gwa, touma bwino. Ndinalongedza ndikudzitama mumtima.

Abulazala atafika sanalowe n'komwe m'nyumba. Anapita ndi ndodo yawo kuchipinda chofululira, anapisa dzanja m'thumba, n'kununkhiza. Anakhala nthawi yaitali dzanja lili pamphuno.

"Ndani watsegula?"

"Ndine, abulazala. Zinali zonyowa, ndayanika masiku atatu."

"Padzuwa?"

"Eya, nanga pena pati?"

Anakhala pamtondo wogwadikiza. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndikanapepukidwa. Iwo anangotenga kaluwa kamodzi, kukang'amba, n'kundionetsa.

"Iyayi, amayi, sanali madzi aja. Ndi mafuta. Mu ufa wachikasuwu mumakhala mafuta amitundumitundu. Opepuka ndi a fungo la ndimu, amathawa msanga. Ena olemera amatsalira pang'ono. Palinso chowawa chimene chimaletsa mowa kusasa, koma dzuwa ndi mphepo zimachiononga. Fungo munkalimva pabwalo lija, ndiye kuti mafutawo anali kuchoka."

"Nanga sitingabwezeremo?"

Anaseka pang'ono, chifuwa n'kuwagwira. "Nunkhizani."

Ndinanunkhiza. Zinkamveka ngati phazi la munthu woyenda ulendo wautali.

Tinafululabe. Anandionetsa zonse ali chikhalire: hopusi ena kuthira mowa ukangoyamba kuwira, ena kumapeto, otsala kusunga mumdima, pozizira, thumba lomanga. Mowawo unanunkha, ndipo tsiku lachisanu unasasa. Anamwa theka la kapu kuti ndisachite manyazi. Zimenezo zinandipsetsa mtima kuposa akanati ataye ndikuona. Ndinatopa nawo mowa wa azunguwo, ndinatopanso ndi ulemu wawo umene unkandisiya ndilibe poyankha.

Analembera kwawo kuti atumize lina. Kalata masiku amenewo inkayenda miyezi. Mvula inagwa, tinapalira, tinadya mondokwa. Iwo analeka kupita kukhola, kenako analeka kutuluka pakhonde. Ndikawapititsira phala ankangofunsa, "Ngolo yapita ku Balaka?" Tinawaika m'manda chimanga chisanaume.

Thumba lachiwiri linabwera nthawi yokolola. Abambo a parishi, amene sankalawa mowa, anati, "Amayi, tengani, mudziwa chochita." Ndinkafuna kukana. Koma ndinakoleza moto, ndipo ndinachita zonse monga anandiuzira, osaphonya ngakhale chimodzi. Thumba ndinalitsegula pang'ono chabe, chitseko chotseka.

Mowa unatuluka woyera bwino, wooneka ngati tiyi. Unatha sabata, unatha ziwiri, osasasa. Ndinaitana akulu awiri oweta ng'ombe kuti alawe. Woyamba analavula.

"Amayi, mwathiramo kwinini kodi?"

Winayo anati bola masese, napempha madzi otsukira m'kamwa.

Atapita ndinatunga kapu yanga, ndinakhala pakhomo, ndi kumwa pang'onopang'ono. Unali wowawa kwambiri. Woti andiuze ngati ndiko kuwawa kwake panalibe.