Timitolo Pansi pa Bedi la Nafisa

Tsiku limene Nafisa anathamangitsidwa m'nyumba ku Hor Al Anz, mumzinda wa Dubai, anapeza chikwama chake chili kale panja. Pambali pake panali timitolo tansalu yoyera, tomangidwa pakhosi ndi ulusi, kalikonse kukula ngati chibakera. Anzake ogona nawo chipinda sanafune n'kutigwira komwe. Anachita kutikankhira kukhomo ndi tsache.

Inu amene mukuti anthu akuipitsirani mbiri ndipo basi zanu zada, tamverani za mtsikana ameneyu.

Nafisa anali wa ku Ntaja, m'boma la Machinga. Ku Dubai anabwerera ntchito yokolopa ndi kuchapa, ndipo anaipeza pa kachipatala kena ka anthu a ku Kerala, ku India, ochiritsa ndi zitsamba mwa njira yawo yakalekale yotchedwa Ayurveda. Pogona anapeza m'chipinda cha atsikana angapo, ena a kwathu, ena a ku Zambia. Mmodzi mwa iwo, Selinah wa ku Lusaka, anali atangochotsedwa kumene ntchito m'sitolo ina ku Festival City. Ndiye amene posesa anapeza timitoloto pansi pa bedi la Nafisa.

"Ni vichani ivi?" anakuwa Selinah. "Nchito yanga yasila, mutu unibaba daily. Kanshi ni iwe!"

Nafisa anagwada n'kumasula kamtolo kamodzi kuti onse aone.

"Ndi mchenga chabe, abale anga. Ndinatapa apo akumanga nyumbapo. Ndimaphunzirira kumanga, ndi za kuntchito."

Kalanga ine, bola akanangokhala chete! Atsikana aja ataona mchenga anabwerera m'mbuyo onse, ndipo mmodzi wa kwathu konkuno anagwira pakamwa n'kunong'ona kuti limenelo ndi dothi la kumanda. Nkhani inathera pomwepo. "Khalas, zatha basi, tuluka," anatero Selinah, n'kutseka chitseko.

Wina anali atajambula kale timitolo tija. Dzuwa lisanalowe, chithunzi chinali chitazungulira magulu a WhatsApp mpaka kukafika ku Ntaja. Tsoka ilo, miyezi imeneyo mayi ake a Nafisa anali atatupa mwendo popanda chifukwa chodziwika. Anthu anangolumikiza: mwana ali kunja, akusunga zithumwa, mayi akudwala. Anati akukhwima, ndipo wayambira pa amake.

Mayi anatumiza mawu amodzi okha pafoni. Anati ngati ndi iyeyo wawachita zimenezi, Mulungu akuona. Kuyambira pamenepo Nafisa akaimba, foni inkangolira mpaka kuduka yokha. Kugona panja akanapirira, koma izi zinamuswa mtima.

Tinene zoona, Nafisa naye poyamba ankaikayikira ntchito ya pamalopo. Taganizani, mwana wokulira ku Ntaja akuona anthu olemera akubwera pa magalimoto apamwamba kudzamwetsedwa mafuta a mkaka wa ng'ombe m'mamawa, tsiku ndi tsiku. Kenako awapake mafuta thupi lonse, awatsekere m'bokosi la nthunzi mutu wokha uli panja, ena awapatse mankhwala otsegula m'mimba, ena osanzitsa, ena awadonthezere mafuta m'mphuno. Pomaliza munthu wamkulu ndi ndevu zake azidya kaphala kamadzimadzi ka mpunga, akuthokoza. Iwo amati panchakarma, kutanthauza kutsuka m'thupi. Nafisa pokhuthula mabeseni ankati mumtima, awa ndi asing'anga basi, angovala makoti oyera. Tiyi wa pamalopo sankamwa, ndipo tsitsi lake likathothoka ankalitola n'kulibisa m'thumba.

Amene anamuchotsa mantha anali mayi wina wachikulire wogwira ntchito yosisita odwala, dzina lake Mabel. Onse ankamutcha Chechi, ndiye kuti achemwali m'chilankhulo cha kwawo. Tsiku lina Nafisa analimba mtima n'kumufunsa kuti akamamanga timitolo ta mankhwala tosisitira odwala amapemphera kwa ndani. Chechi anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anamupatsa mpeni ndi thabwa.

"Yalla, tiye, dula wekha masambawa. Ukaona mzimu ukutuluka undiitane."

Mzimu sunatuluke. Chimene chinatuluka ndi chilakolako chofuna kudziwa. Chechi anamuuza kuti ali ndi manja abwino, ndipo akalimbikira angathe kusiya chokolopera n'kukhala wothandiza odwala. Koma kamtolo kali ndi kamangidwe kake: kolimba kuti kasamasuke m'mafuta otentha, kosalala kunsi kuti kasakande khungu, kokhala ndi chogwirira pamwamba. Mankhwala enieni si oseweretsa, n'chifukwa chake Nafisa ankaphunzirira kunyumba ndi mchenga ndi zigamba za mashiti akale. Ankabisa pansi pa bedi poopa kusekedwa. Kubisako ndi kumene kunamupachika.

Nafisa atathamangitsidwa, Chechi anamupezera bedi kunyumba za antchito ku Al Quoz. M'mawa mwake Nafisa anafika pantchito maso ali psuu, n'kunena kuti akusiya, abwerera kumudzi akadzigwetse pamapazi a mayi ake.

"Pita," anatero Chechi, osasiya n'komwe kupukuta tebulo. "Koma ukasiya lero, wawauza kuti ananena zoona. Ukawauza chiyani china?"

Nafisa anatenga chokolopera n'kuyamba ntchito.

Musaganize kuti kuchokera pamenepo zinayenda myaa. Ayi ndithu. Kamtolo kake koyamba ka mankhwala enieni kanaphulika m'chiwaya, masamba mbwee, Chechi n'kumukalipira ngati mwana. Kutentha kwa kamtolo amayesa pamkono pako iwe mwini usanakaike pa wodwala, ndiye mikono ya Nafisa inadzaza timabala. Dokotala wa pamalopo atamulola kuyamba kosi, anapeza kuti ayenera kuloweza mayina a mafupa ndi mitsempha m'Chingerezi, iye sukulu analekezera Fomu 2. Ankawerenga m'basi, ankawerenga pa nthawi ya chakudya. Mayeso oyamba analephera, ndipo analephera moonekeratu.

Kunja nako sikunali bwino. Akakumana ndi anthu a kwathu mumsewu kapena pokwerera sitima ya Metro, moni ankayankha ndi kukhosi, ena n'kusuntha chikwama. Paukwati wa mnzake sanamuitane. Lachisanu lililonse ankaimbabe foni kwa mayi ake, n'kumaimvera ikulira, ikaduka n'kupita kukachapa nsalu zonona mafuta. Ankalira, inde, ankalira kwambiri. Koma m'mawa ankadzuka.

Ulendo wachiwiri anakhoza. Anamupatsa yunifolomu yobiriwira ndi chipinda chake chogwiriramo ntchito, ndipo amayi odwala misana ndi mawondo anayamba kumufunsa ndi dzina. Ngati njira zimenezi zimachiza zonse zomwe eni ake amanena, ine si dokotala, sindilowererapo. Chimene ndikudziwa n'chakuti Nafisa ankagwira ntchito yake mosamala ndi mwaulemu.

Mwina mukuti apa ndiye anthu anatseka pakamwa. Simukuwadziwa anthu inu! Mbiri ya kukwezedwa kwake itafika ku Ntaja, anaomba m'manja n'kuti, mwaona, zagwira ntchito zija. Wokolopa angasanduke bwanji dokotala ngati sanapereke munthu? Mwendo wa mayi uja unali usanaphwe, ndiye umboni anati ndi umenewo.

Abale anakhala pansi n'kutuma amalume ake a Nafisa, Che Waziri, mlongo wawo wa mayi akewo, amene ankayendetsa thiraki pakati pa Dubai ndi Oman. Iwowa chiyambire nkhaniyi anali asanamuyankhulepo mwana wa mlongo wawoyo. Anatulukira pachipatalapo masana ena atachoka ku mapemphero a Juma kumzikiti. Mpando anakana. Madzi anakana, kunja kukutentha chonchija. Anaima pakati pa chipinda manja ali m'thumba kuti asakhudze kanthu, milomo ikuyenda ndi mapemphero.

"Longedza," anatero. "Mbumba yagwirizana kuti upite kumudzi akakuchotse zimene wanyamulazo."

Nafisa anagwada monga mwa ulemu wa kwathu, yunifolomu ili m'thupi.

"Ndamva, amalume, ndipo sindikukana. Koma paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Inu mwafika nokha. Taonani kaye ndi maso anu, mukanene zimene mwaonazo."

Che Waziri anazengereza, koma anamutsatira kukhitchini kumene amakonzera mankhwala. Anaima pakhomo penipeni, mwendo wina kunja. Nafisa anayatsa moto, n'kuthira mafuta m'chiwaya. Anadula mandimu ndi adyo, n'kukhuthulira pathebulo masamba a m'thumba. Amalume ankatsatira dzanja lililonse ngati munthu woonera wamatsenga pamsika, kudikira pomwe pabisike chinyengo. Atayamba kudula masamba, iwo anasendera pafupi. Anatulutsa dzanja limodzi m'thumba, n'kutola tsamba lalikulu la manja-manja, kulitembenuza, kulinunkhiza.

"Iwe, iyi si nsatsi iyi?"

"Ndi nsatsi, amalume."

"Nanga iti?"

"Bwemba. Awo ndi a chammwamba."

Nafisa anakazinga zonse pamodzi, n'kuzikulunga m'nsalu yoyera, kukoka ulusi, kumanga. Pathebulo panakhala kamtolo kofanana ndendende ndi kamene dziko lonse linaona pachithunzi. Amalume anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye mumatani nako?"

"Timakaviika m'mafuta ofunda, n'kumathowa pamene pakupweteka."

"Kuthowa? Kuthowa komwe kuja?" Mawu awo anakwera. "Anthu amagalimoto awa akubwera kudzathowedwa ndi nsatsi, yomera yokha kudzala kwathu ija?"

Koma munthu wokayika sagonja msanga. Anatsinzinira diso limodzi n'kufunsa kuti nanga pomangapo amanena mawu anji, poti mankhwala alionse ali ndi mawu ake.

"Za ena sindikudziwa," anatero Nafisa. "Ine ndimati Bismillah, monga munandiphunzitsira kuti ndizitero poyamba ntchito iliyonse."

Apa Che Waziri anafuna mpando uja anaukana. Anakhala pansi, tsamba la nsatsi lili m'manja. Ananena motsitsa kuti ali mnyamata anagwa pa njinga n'kubinya bondo, ndipo amene anawathowa ndi masamba omwewa mpaka kuyenda anali mlongo wawo, mayi ake a Nafisa. Manyazi anawagwira, ndipo sanawabise. Anapempha madzi akumwa.

Atamwa, anatulutsa foni n'kuimba ya vidiyo ku Ntaja. Foni ya mlongo wawo mayi aja anayankha msanga. Che Waziri sanachulukitse gaga m'diwa. Anaonetsa tsamba, anamasula kamtolo kaja n'kuonetsa zam'kati, n'kunena kuti mwanayu tamulakwira tonse. Kenako anatembenuzira foni kwa Nafisa.

Kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Hor Al Anz kuja, Nafisa anaona nkhope ya mayi ake. Anali ataonda. Anakhala pamkeka, mwendo wotupa uja atautambasula. Amayi a kwathu kupepesa kwa mwana sadziwa, inu mukudziwa. Anayang'ana kumbali, anakonza mpango, kenako n'kufunsa ngati anasiyana dzulo:

"Masambawo iwe umachita kukazinga? Ine ndimangowamba pamoto, koma mwendowu sukumva."

Misozi inali ikutsika, koma Nafisa anayankha ngati munthu wodziwa ntchito yake.

"Amayi, musathowenso. Mwendo wotupa nthawi yaitali chonchi sitiseweretsa, ngakhale kuno dokotala sangalole kuti tiugwire asanauyeze. Mawa mupite kuchipatala cha boma akakuoneni."

"Ndamva, ndipita," anatero mayi aja. Che Waziri anatambasula dzanja kuti atenge foni yawo, koma mawu anamvekanso: "Achimwene, musadule. Ndimufunse kaye mwanayu. Nafisa, kumeneko ukudya koma?"

Nafisa anangogwedeza mutu kuvomera, foni ataigwira ndi manja awiri.

Selinah sanapepese mpaka lero, ndipo ku Ntaja alipobe ena amene amati amalume aja nawo anadyetsedwa. Asiyeni. Pakamwa pa anthu simungapatseke ponse, ndipo mukadikira kuti aliyense akukhulupirireni kaye musanayambe kanthu, mudzakalamba chikhalire.

Mwina inunso lero akukunenani chifukwa cha chinthu chimene sakuchimvetsa, ntchito yachilendo, maphunziro amene kwanu palibe anawachitapo. Zimawawa, makamaka akakhala a m'nyumba mwanu momwe. Lirani ngati misozi yabwera. Koma ngati manja anu ali oyera, musathawe ntchito yanu kuti musangalatse okukayikirani. Gwirani mpaka tsiku limene mmodzi wa iwo adzabwere kudzaona yekha, ndipo adzakupezeni muli pomwepo. Mtima wanuwo musautaye, abale anga, ugwireni zolimba.