Njira Imene Atate Anaonetsa Domingo

Ndikukumbukira m'mawa umene atate anatidzutsa ine ndi mlongo wanga wamkulu, Domingo, nati tivale nsapato. Kwathu ku Tsangano nyengo yachisanu kumazizira mpaka zala kuuma, koma nditaona kuti talunjika kumalire ndinakondwa. Ndinali kamtsikana kadyera, ndipo ndinkaganiza kuti tikukagula mabanzi ku Malawi.

Domingo anali atatsala pang'ono kupita ku tropa, ku usilikali. Anamaliza desima, kalasi yakhumi, koma zopitira patsogolo panalibe. Mbatata ya kachewere inkatidyetsa, koma sukulu yapamwamba sinkaikwanitsa. Iye ankafuna unamwino, ndipo anamva kwa anzake kuti ku tropa munthu amaphunzira ntchito osalipira, n'kutuluka ndi pepala lake m'manja. Madzulo ankaguba pabwalo mpini wa khasu uli paphewa, nkhuku zikubalalika, ife tikufa nazo kuseka. Atate okha sankaseka. Iwo nkhondo anaiona ali mnyamata, anathawira ku Malawi wapansi, n'kukakulira mumsasa wa othawa kwawo.

Tsiku limenelo sitinatsate msewu. Tinadula m'minda, tinatsikira kudambo mame akutinyowetsa mpaka m'mawondo, kenako tinakwera kaphiri ka miyala. Atate ankaimaima n'kumaloza: apa pali kasupe wosaphwa, pansi pa thanthwe ilo munthu amagona osaoneka, mudzi uwo osalowamo masana. Ine sankandiyang'ana n'komwe. Domingo ankangovomera, akutafuna kaudzu.

Titafika pa kamtsinje kena atate anakhala pansi. Tsidya linalo amayi ena ankachapa, ndipo kumeneko kunali ku Malawi.

"Zikakathina kumeneko, ukavule zovala zawozo, ubwere udzadzere muno," anatero atate. "Tsidya ilo kuli azakhali ako. Palibe adzakuseke."

Domingo anaseka. "Papa, ine ndikupita kukaphunzira kurso ya unamwino, osati kunkhondo. Nthawi zanu zija zinapita."

"Ndamva. Koma pobwerera utsogole ndiwe."

Anatsogoladi, ndipo sanasochere pena paliponse. Ndikuyenda pambuyo pawo ndinazindikira chimene tinadzera. Za mabanzi sindinafunsenso.

Anamutumiza kumpoto kwenikweni, kufupi ndi nyanja yamchere, kumene ife tinkangokumva pawailesi. Akaimba foni ankati maphunziro aja ayamba chaka chamawa. Chaka chamawacho kunabwera amuna awiri ovala zausilikali, naima pabwalo pathu zipewa zili m'manja. Amayi anagwa pansi alendowo asanatsegule pakamwa. Mpaka lero ndimakwiya, ngakhale sindidziwa womukwiyira.

Anthu amati zinthu zasintha, ndipo sakunama. Sekondale ili pafupi, njinga zamoto zadzaza msewu, mnyamata aliyense ali ndi foni m'thumba. Koma ntchito kulibe. Chitsirizira chathu, Zeka, wamaliza sukulu chaka chino ndipo nayenso wakalembetsa ku tropa. Akuti akufuna umakaniko. Ndamukalipira, ndamupempha, koma iye amangondifunsa kuti nanga achite chiyani.

Mlungu watha tinakhala pakhonde tikusankha mbatata yambewu. Zeka, pofuna kuseketsa anthu, anati, "Nanga ine, papa, simundionetsa njira ya ku Malawi ija?"

Atate sanadzutse mutu. Anatembenuza mbatata ina m'manja, naiponya pa zoola.

"Njira ndinali nayo imodzi yokhayo, mwana wanga," anatero. "Ndipo sinafike kumene anali mkulu wako."