Mfundo za Koleji

Pa hotela ya pachilumba paja, pakati pa nyanja ya mchere, munthu ukafuna aNathovu sunkafunsa njira. Unkangotsata fungo la sopo, kudutsa kuseri kwa khitchini, kupitirira mathanki awiri a madzi a mvula, mpaka kukafika pa kakhonde ka malata komwe kunali mabafa anayi a simenti ndi zingwe zisanu ndi ziwiri zoyanikapo. Dzina lawo lenileni linkagona m'mafayilo a ku ofesi, koma panja aliyense ankawadziwa ndi la thovulo, ndipo iwo ankaliyankha ngati lochokera kwa makolo. Anabwera pachilumbapo ali mtsikana, potsata mwamuna woyendetsa boti. Mwamunayo anamwalira, boti linagulitsidwa, iwo n'kutsala ndi mabafa aja ndi kachipinda kamene hotela imapatsa wochapa. Zaka makumi awiri ndi zinayi zinathera pomwepo. Makina ochapira anabwerapo kawiri, onse awiri mchere wa m'mphepo unawadya, ndipo aNathovu ankawakamba monyadira ngati adani amene anawaperekeza kumanda.

Tchuthi chachikulu chikafika, alendo akachuluka, hotela inkalemba ana a ku yunivesite kuti adzathandize kwa miyezi itatu. Amene wagwera kochapa, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, aNathovu ankamutcha Koleji basi.

"Mlendo ndi mame," ankatero. "Ndiye ndivutikirenji kuloweza dzina la mame?"

Anthu ankaseka, koma nkhani yake inalipo. Kale kunabwera mwana wina amene iwo anamukonda ngati wobala okha, analonjeza kuti azilemba makalata, ndipo sanalembe ngakhale imodzi. Kuyambira pamenepo mtima wawo anauikira mpanda.

Koleji wa chaka chimenecho anali mtsikana wamtali, wa kampata m'mano, amene anatsika m'boti atagwira pamimba chifukwa cha mafunde. Nyumba ya antchito inali itadzaza, choncho anamuyalira matiresi m'kachipinda ka aNathovu. Theka la chikwama chake linali mabuku.

"Umaphunzira chiyani kumeneko?"

"Za miyala, amayi."

"Miyala yomweyi timapunthwayi? Makolo ako akudziwa?"

Mtsikanayo anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo aNathovu anadabwa kuti kusekako kwawakomera.

Ntchito ya pachilumba ili ndi malamulo ake, ndipo Koleji anawaphunzira ndi msana. Madzi a pachitsime ndi amchere pang'ono, ndiye ndi ochapira okha. Kutsukuluza komaliza kumafuna madzi a m'thanki, apo ayi bedishiti imauma gwa ngati chikumba. Madzi a m'thankiwo satayidwa, amatsikira m'bafa lotsatira kukayamba matawulo. Ndipo zovala zonse zimayenera kuanulidwa nthawi isanakwane thu koloko, mphepo isanatembenuke n'kuyamba kuchokera kunyanja, chifukwa ikatero zouma zimanyowanso. Sabata yoyamba Koleji anapita kukasambira ndi anzake ogwira ntchito ku bala ya hotelayo nthawi ya nkhomaliro, n'kubwerako mochedwa. Anachapanso mabedishiti makumi atatu tsiku lomwelo, aNathovu atakhala pa ndowa yovundikira n'kumamufunsa ngati miyala ilinso ndi nthawi yoanulira.

Koma chinthu chimodzi aNathovu sanamuphunzitse, chifukwa ankachibisira chilumba chonse. Maso awo anali akuchita chifunga. Zinayamba chaka chinacho, pang'onopang'ono, ndipo tsopano nsalu yoyera inkangooneka ngati mtambo. Banga la khofi ankalipeza ndi mphuno, la kandulo ndi chala, koma la vinyo wouma kapena la zopaka m'milomo linkawadutsa osapereka moni. Mwezi umodzi Koleji asanafike, mlendo wina anadandaula, ndipo manijala, mwana wamng'ono wa ulemu wake koma wosabwereza mawu, anawaitana. Anati dandaulo lina likangobwera, zochapa zizikwera boti kupita ku makina a kumtunda. Zochapa zikapita, kachipinda kaja kakanapita nazo. Mwana wawo wamwamuna anali m'tauni, m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi ana anayi, ndipo ankawaitana ndithu. Koma aNathovu ankadziwa kuti kumeneko akakhala katundu woikidwa pakona, ndipo ankaopa zimenezo kuposa khungu lenilenilo.

Koleji anazindikira sabata yachitatu. Anaona mayiwo akupinda mosamala bedishiti yokhala ndi banga lofiirira lalikulu ngati chikhatho. Anangoisolola pamulu n'kuibwezera m'bafa. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi. Tsiku lachitatu aNathovu anamugwira mkono.

"Iwe, zanga zopinda ukuzibweza bwanji?"

"Inali ndi banga, amayi."

"Pati?"

Mtsikanayo anatenga chala chawo n'kuchiika pomwepo. ANathovu anayang'anitsitsa, anayandikitsa nsaluyo mpaka pamphuno, osaona kanthu. Manyazi anawagwira, ndipo chifukwa manyazi a munthu wamkulu amatulukira ku ukali, anakalipa.

"Ukangotsegula pakamwa, ndidzakumiza m'bafa momwemu. Wamva?"

"Ndamva. Koma ng'ala amachotsa, amayi. Agogo anga aamuna anawachotsa, pano amalowetsa okha ulusi pa singano."

"Kuti ndikapemphe tchuthi cha maso, manijala amve kuti wochapa wake saona? Phunzira miyala yako, mwanawe."

Koleji analonjeza kuti sauza munthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo ntchito inasintha osakambirana. M'mawa uliwonse, mitolo ikafika kuchokera ku zipinda, Koleji ankatambasula nsalu iliyonse padzuwa, n'kumanga kamfundo pomwe pali banga. ANathovu akaikhudza mfundoyo ankaimasula, n'kupaka sopo ndi mankhwala pamalo pamene pakwinyikapo. Manja awo anali akadali a kale, banga likangodziwika pomwe lili silinkapulumuka. Madandaulo anatha.

Moyo wa m'kachipinda muja nawo unasintha. Koleji ankatola timiyala m'mbali mwa nyanja n'kumatindandalika pawindo, ndipo aNathovu anapondapo kamodzi ndi phazi lopanda nsapato, mawu amene anatuluka sitingawalembe pano. Lamlungu masana, alendo akakhuta n'kugona, antchito ankasonkhana pamchenga wa kuseri, pansi pa mitengo ya kanjedza. Anyamata ankamenya mpira wophwa, ophika ankaotcha nsomba, wailesi ili phwii, ena akukangana pa makadi. ANathovu anali atasiya kupitako, ati miyendo, pomwe chifukwa chenicheni chinali choti nkhope za anthu sankazizindikiranso patali. Koleji anawakoka ndithu. Ankayenda pambali pawo n'kumanong'oneza ngati akucheza: uyo akubwerayo ndi wophika wamkulu, wavala chipewa chatsopano, muchiyamikire. Ndipo aNathovu ankakuwa asanafike n'komwe, "Chipewacho mwaba kuti, achimwene?" anthu n'kugwa nacho chiseko. Panali mnyamata wina wa kubala amene ankabweretsera Koleji madzi oundana kasanu pa ola, ndipo mayiwo, ngakhale sankamuona bwino, ankamudziwa ndi mafuta ake onunkhira. Anamuuza mtsikanayo kuti mwamuna wodzithira botolo lonse amakhala akubisa kanthu.

Vuto linabwera alendo atafika pachimake. Mitolo inachuluka moti kutambasula nsalu iliyonse kunkadya m'mawa wonse, mphepo ya kunyanja n'kuwapeza asanaanule. Ndiye tsiku lina aNathovu anapisa dzanja mumtolo wongofika kumene, Koleji asanaukhudze, n'kupezamo mfundo zomangidwa kale.

Mitoloyo inkachokera kwa aMakiyi, mkulu wa okonza m'zipinda, mayi woyenda ndi mpukutu wa makiyi m'chiuno moti ankamveka asanaoneke. Awiriwa anayambana zaka khumi ndi chimodzi zapitazo pa nkhani ya nsalu ya patebulo imene inapsa ndi simbi, aliyense akuloza mnzake, ndipo kuchokera pamenepo ankapatsana moni ngati akazi a mitala.

"Wandigulitsa," anatero aNathovu motsitsa mawu. "Ndipo wandigulitsa kwa ameneuja."

"Sindinatchule maso anu, amayi. Ndawauza kuti ine ndine waulesi, kutambasula kukunditopetsa, ndiye atsikana awo azimanga mfundo pomwe akuyalula bedi, poti iwo ndi amene amayamba kuliona banga."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati ana a masiku ano tikufuna digiri ya kugona. Chilumba chonse chikundiseka."

Zinali zoona. Kwa masabata otsalawo mtsikanayo ankatchedwa Bwana Mfundo, ndipo ankangoseka nawo. ANathovu zinawakhudza kuti mwana wa eni wasenza dzina la ulesi pofuna kuphimba iwo, koma kuthokoza sanali kukudziwa bwino. Anangoyamba kumusitira malaya ake osamuuza.

Miyezi itatu si kanthu. Tsiku lonyamuka, boti linafika m'mawa, ndipo aNathovu anati sangaperekeze munthu zochapa zili mbwee. Koleji anabwera yekha pakhonde, chikwama chitalemera ndi miyala, n'kuwakumbatira chakumbuyo manja awo ali m'thovu.

"Ndapita, amayi. Za maso zija muganizebe."

"Pita, boti silidikira ophunzira. Ukasanze bwino."

Anamva mapazi ake akuchepa pa miyala ya m'njira, kenako hutala ya boti. Anachapa tawulo limodzi nthawi yaitali kuposa mmene linkafunira. Chisoni chinalipo, koma mantha ndiwo anakula, chifukwa waulesi uja atachoka, panalibenso chifukwa choti wina amange mfundo.

M'mawa mwake mtolo woyamba unafika. Anauyang'ana kanthawi asanaukhudze, kenako anapisamo dzanja. Mfundo. Anasolola bedishiti ina, mfundo ziwiri. Pa pilo, kamfundo kakang'ono komangidwa mwaluso pakona. Anapukuta manja pa epuloni n'kulunjika ku stolo ya nsalu, kumene makiyi ankalira.

"Koleji wapita dzulo," anatero ataima pakhomo.

"Ndinamuona," anayankha aMakiyi osatembenuka, akusanja matawulo pa shelefu.

"Nanga mfundozi n'zayani?"

"Manja a atsikana azolowera."

"Musandinamize ngati mwana."

Makiyi anasiya kulira. AMakiyi anatembenuka, ndipo mawu awo anali opanda minga imene aNathovu anaizolowera.

"Chaka chatha munandipatsa moni wa alendo, amvekere takulandirani, ine nditaima apa ndi apo. Inu, kundilandira ine? Ndinadziwa tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo zimene zakudutsani takhala tikuzichapanso m'masinki a m'zipinda, n'kumaziyanika kuseri kwa makatani. Ija inafika kwa mlendo ija inatipulumuka ife. Mwana uja sanatiuze kanthu, anangotipatsa njira yosathyola msana."

"Ndiye onse akudziwa?"

"Kupatula manijala, amene maso ake ndi abwinobwino."

ANathovu anafuna kukalipa, koma ukali sunabwere. Chaka chathunthu ankayenda monyang'ama ndi chinsinsi chawo, osadziwa kuti anthu akuchinyamulira mbali inayo, ndipo wotsogolera anali yemwe ankamuyesa mdani. Anakhala pa mtolo wa mabulangete.

"Boti la Lachinayi tikwera limodzi," anapitiriza aMakiyi. "Ndauza manijala kuti mukundiperekeza ine kuchipatala, atsikana awiri agwirizira mabafa. Za maso mudzamuuza nokha madokotala akakuchotsani ng'alazo. Pokwera ndikugwirani dzanja, ndipo musandinyadire pagulu."

"Nsalu ija munawotcha ndinu," anatero aNathovu.

"Ndinu. Koma Lachinayi tikupita."

ANathovu anabwerera ku mabafa pang'onopang'ono. Atafika pa thanki yoyamba anaima, n'kubwereranso mpaka pakhomo la stolo.

"Kodi mwana uja dzina lake ndani?"

AMakiyi anawauza. ANathovu analitchula kamodzi kuti amve ngati alikhoza, n'kulitchulanso ali pa bafa, akumasula mfundo yoyamba ya tsikulo.